Mlongo wanga anazolowera kuwerenga yekha

Foni inalira cakumadzulo ndili ku wailesi, nditangomaliza kuwerenga zidziwitso za maliro ndi za mbuzi zosowa. Munali mu May 2024. Ndinaona kuti ndi mlongo wanga wamng'ono, amene anali atangotha miyezi itatu pa yunivesiti ina ku Lusaka. Ndinadula, poganiza kuti akufuna ya mabandulo monga mwa masiku onse. Anaimbanso. Nditatuluka panja n'kuyankha, anangoti, "Adumbu, ine ndibwerako kumudzi." Kunyumba timayankhula Cisenga, ndipo akandiitana conco ndi mawu otsika, ndimadziwiratu kuti zinthu sizili bwino.

Anali atalandira mapepala a matesiti oyamba. Masamu anapeza 23 pa 100. Chemistry anapeza 31.

Amene simumudziwa mwanayu munganene kuti zimacitika, alimbikire cabe. Koma uyu ndi mwana amene kuyambira giredi 1 sanatsikepo kupitirira nambala 3 m'kalasi. Nthawi imene mpunga ukuca, ana ena akamapita kukaingitsa mbalame ndi zitini, iye ankanyamula citini ndi buku. Ku sekondale ankadzuka 03 koloko, n'kumawerenga ndi toci anzake ali m'tulo. Analemba giredi 12 mu 2022, caka cimene boma linayamba maphunziro aulere, ndipo anatuluka ndi mapointi 9. Amama anaimba nthungululu mpaka mawu anasasa. Kuchalichi anamuimika kutsogolo kuti ana ena amuone. Ngongole ya boma yodzera ku HELSB inathandiza pa fizi, ndipo ndalama ya cakudya ya ophunzira, imene inacotsedwa mu 2019, inali itabwezeretsedwa mu 2023. Koma lendi ya ku boarding house, foni yolowa pa intaneti, zofunda, ndi ulendo wa makilomita opitirira 800 kudzera ku Lundazi ndi Chipata, zonsezo zinali pamutu pathu. Adada anagulitsa matumba 14 a mpunga ndi mbuzi ziwiri. Ndiye caka comweco ca 2024 kunagwa cilala cija, ndipo kwathu zokolola zinacepa. Mwanayo ankadziwa kuti mpunga wina wogulitsa kulibe.

Ndinamufunsa ngati wapita kwa aphunzitsi ake. Anati m'holo amakhalamo anthu mazanamazana, ukakhala kumbuyo suona n'zolembedwa zomwe, ndipo phunziro likatha aliyense amathamangira lina. Ndinafunsa za anzake. Anakhala cete kanthawi, kenako anati, "Ndikafunsa adzandiona mbuli ya kumudzi." Anati ena amayankhula Cizungu cothamanga ngati ca pa TV, ena anagwirapo kale zipangizo za mu labu zimene iye ankangoziona zojambulidwa m'buku. Iye ankabwerera ku boarding house, kutseka citseko, n'kuwerenga mpaka usiku, monga anali kucitira kale. Ankawerenga maola ambiri kuposa ku sekondale, koma sizinkalowa.

Sindinamukalipire, cifukwa mawu akewo ndinkawadziwa. Mu 2013 ndinali pa koleji ina ku Chipata, kucita setifiketi. Colinga cinali cakuti ndipitirize mpaka dipuloma. Panali phunziro limodzi la zowerengera limene linandizunguza mutu kuyambira sabata yoyamba. M'kalasi mwathu munali kagulu ka anyamata ndi atsikana asanu amene ankakumana pansi pa mtengo wa mango madzulo alionse, ndipo anandiitanapo kawiri. Ndinakana. Ndinkati ndimamva bwino ndikakhala ndekha. Zoona zake n'zakuti sindinkafuna aone kuti mnyamata amene ankayankha kwambiri m'maphunziro ena sadziwa kanthu kakang'ono kotere. Phunzirolo ndinalephera, n'kubwereza, n'kukhoza mwamwayi. Ndalama ya dipuloma inathera pa kubwerezako. Setifiketiyo ndili nayo m'sutikesi, ndipo sindidandaula ndi nchito ya pa wailesi ngakhale ilibe malipiro, koma mtengo wa mango uja ndimaukumbukira.

Usiku umenewo ndinangomupempha mlongo wanga kuti asagule tikiti mpaka mwezi uthe. Amama ndi adada sindinawauze kanthu.

Cimene cinamuthandiza sicinacokere kwa ine. Mtsikana amene ankagona naye cipinda cimodzi anatopa kumumva akulira usiku, ndipo Loweruka lina anamukoka ngati mbuzi yopita kumsika, n'kupita naye m'kalasi ina yopanda anthu. Munali ophunzira 7 a caka coyamba ndi mtsikana mmodzi wa caka cacitatu, wa ku Mongu, amene anakhoza bwino masamu omwewo zaka ziwiri zapitazo. Mlongo wanga ankayembekezera kuti wamkuluyo aima kutsogolo n'kuyamba kuphunzitsa, iye n'kukhala kumbuyo kumakopera. Sizinatero. Mtsikanayo analemba funso limodzi pa bolodi, n'kuyang'ana nkhope zonse, n'kupereka coko kwa mlendoyo. Anati, "Yamba. Pamene uti usocerere, uime, utiuze kuti ndasocerera apa."

Analemba mizere iwiri n'kuima. Akuti manja ankanjenjemera, ndipo ankangodikira kuti wina aseke. Wa ku Mongu uja anatembenukira kwa ena n'kufunsa kuti ndani angamupitirize. Palibe anayankha. Kenako mnyamata wina, wa nsapato zodula, amene anaphunzira sukulu yolipira mu Lusaka momwemo, anati iyenso amakakamira pa mzere womwewo, ndipo wakhala akungoloweza yankho osamvetsa. Mlongo wanga akandifotokozera za tsikulo, za masamu sanena zambiri. Amanena za mnyamatayo. Miyezi itatu yonse ankaganiza kuti m'holo lonse lija wosamva ndi iye yekha.

Gululo linali ndi malamulo ake, osalembedwa. Aliyense ankayenera kufika atayesa kale mafunso payekha, ndipo ankayenera kubweretsa pepala limene analakwitsapo, lofufutafufuta, osati lokopera bwino. Wotsogolera sankapereka yankho. Ukamufunsa, ankabweza funso kwa gulu, kapena ankakuuza kuti utsegule manotsi a m'kalasi upeze pamene aphunzitsi ananenapo zimenezo. Wina akati wamvetsa, ankamuuza kuti afotokozere mnzake m'mawu akeake, kaya m'Cinyanja, kaya m'Cibemba, kaya m'Cizungu cothyoka, bola winayo amve. Apa ndi pamene mlongo wanga anatulukira kuti zambiri zimene ankati akuzidziwa anali atangoziloweza. Ku sekondale kuloweza kunkamupititsa, cifukwa mafunso a mayeso ankabwera ofanana ndi a zaka zam'mbuyo. Kuno funso likangotembenuzidwa pang'ono, ankasowa pogwira. Ankakumana kawiri pa sabata. Caka cimeneco malaiti ankazima maola ambiri cifukwa madzi anacepa ku Kariba, ndiye nthawi zina ankaunjikana pa desiki limodzi, mafoni awiri akuunika pepala.

Anthu ena amaganiza kuti wophunzira mnzako sangakuphunzitse kuposa dokotala wa masamu. N'zoona, sadziwa zambiri ngati iye. Koma amene anawoloka mtsinje dzulo amakumbukira mwala woterera, pamene amene wakhala akuwoloka zaka 20 phazi limangoponda lokha, sadziwanso kuti pali poterera. Ndiponso kwa munthu wamkulu waudindo, mwana woleredwa ngati mmene timalerera kuno sanganene kawiri kuti sindinamve. Amagwedeza mutu mwaulemu n'kutuluka.

Pokonzekera pulogalamu ya acinyamata imene ndimaulutsa, ndinayamba kufufuza pa foni ngati zimenezi zili ndi dzina. Ndinapeza kuti ena anazilingalira kalekale. Mu 1973, pa University of Missouri–Kansas City ku America, mayi wina dzina lake Deanna Martin anayambitsa dongosolo lochedwa Supplemental Instruction. Cimene cinandigwira mtima ndi poyambira pake. Iwo sasankha ophunzira ofooka n'kuwaika pambali. Amasankha maphunziro amene anthu ambiri amagwa caka ndi caka, n'kutsegula magulu a aliyense wofuna, wanzeru ndi wovutika pamodzi. Wotsogolera amakhala wophunzira amene anakhoza kale phunzirolo, amaphunzitsidwa kayendetsedwe ka gulu, amalowanso m'kalasi kumvera limodzi ndi acaka coyamba, ndipo nchito yake si kubwereza zimene aphunzitsi ananena koma kucititsa anzakewo kuganiza ndi kufotokozerana. Dongosololi linafalikira m'maiko ambiri. Ku Australia ndi ku Britain ambiri amalichula kuti PASS, ndipo ku South Africa linafika m'zaka za m'ma 1990 kudzera pa yunivesiti ya ku Port Elizabeth, imene lero ndi Nelson Mandela University. Mtsikana wa ku Mongu uja ankacita pafupifupi zomwezi, wopanda ofesi, wopanda malipiro.

Nkhani ina imene ndinawerenga kawiri ndi ya Uri Treisman, amene ankaphunzitsa masamu ku Berkeley, ku California, m'zaka za m'ma 1970. Iye anadabwa kuti ophunzira akuda, amene anabwera atakhoza bwino ku sekondale, ankagwa masamu a caka coyamba, pamene a Cichaina ankakhoza. Anthu ankati mwina ndi ulesi, mwina umphawi, mwina makolo salabadira. Iye anatsatira ophunzira 20 a mbali iyi ndi 20 a mbali inayo kuti aone mmene amawerengera. Anapeza kuti akudawo sanali aulesi ayi. Ankalimbikira, koma aliyense payekha, citseko cotseka. Ambiri anali oyamba m'masukulu kumene anacokera, ndipo anafika pamenepo mwa kudzipatula kwa anzawo. A Cichaina aja ankawerenga payekha coyamba, kenako n'kukumana madzulo, kudya limodzi, kuonetsana mapepala ndi kukonzana. Wina akalakwitsa, ankadziwa tsiku lomwelo, osadikira tesiti. Treisman anayambitsa magulu othetsera limodzi mafunso ovuta, ndipo sanawapatse dzina la othandiza ofooka. Zotsatira za ophunzira akuda zinasintha kwambiri.

Nditawerenga zimenezo ndinaika foni pansi. Berkeley ndi kutali ndi Chama, koma mwana wotseka citsekoyo ndinkamudziwa. Ndi amene timamuimika kutsogolo kuchalichi.

Taganizirani mmene mwana wa kuno amafikira ku yunivesiti. M'mudzi wa kwa Tembwe, kwa Chikwa kapena kwa Chifunda, mwa ana onse amene anayamba naye giredi 1, amatsala yekha kapena awiri. Ena anakwatiwa, ena anapita kukagwira nsomba ku Luangwa, ena analekera pa giredi 9. Makolo amamuuza kuti usamaceze ndi anzako, adzakusokoneza. Malangizo amenewa ndi abwino pa nthawi yake, ateteza atsikana ambiri ku mimba ndi anyamata ambiri ku kacasu. Koma mwanayo amakula akudziwa kuti anzake ndi msampha, ndipo nzeru ndi cinthu cobisa, cimene umaonetsa pa tsiku la mayeso lokha. Kusukulu timawaika pa mndandanda, woyamba mpaka womaliza, ndiye woyambayo angauze bwanji waciwiri njira yake? Akafika ku Lusaka, ku Kitwe kapena ku Kabwe, amanyamula khalidwe lomwelo limene linamupulumutsa. Mwambi wakuti safunsa anadya phula timaudziwa tonse, ndipo umabwera m'mayeso a Cinyanja. Koma mwana akafunsa kawiri m'kalasi anzake amaseka, ndipo ife akulu sitiwaletsa.

Codabwitsa n'cakuti pa nchito zina sitili conco. Munda ukakula timaitana dima. Njovu zikayamba kulowa m'minda, palibe amene amalonda yekha. Maliro sitisiyira banja limodzi. Ndi buku lokha limene tinaliika m'gulu la zinthu zocita wekha.

Sindikufuna kunamiza munthu kuti gulu lililonse ndi mankhwala. Mlongo wanga yemweyo analowa gulu lina la Chemistry limene linatha pa masabata atatu. Ankafika, kuyamba nkhani za mpira ndi za zibwenzi, kenako mmodzi wanzeru n'kulemba mayankho a asainimenti, ena onse n'kujambula ndi mafoni. Kumeneko ndi kukopera, ndipo tsiku la mayeso foni imatsala panja. Palinso acaka cacitatu ndi cacinayi amene amacititsa matushoni olipira. Sindiwaweruza, nawonso ali ndi lendi, ndipo ena amaphunzitsa bwino. Koma wolipidwa amafuna ubwerenso mawa, ndiye amakuthetsera funso mwaluso iwe n'kumaombera m'manja, osagwira coko. Ndipo mwana amene kwawo agulitsa mbuzi yomaliza sangakwanitse kulipira maphunziro anayi. Cina cimene atsikana amanong'onezana ndi anyamata akuluakulu amene amati bwera kucipinda kwanga ndikuthandize masamu. Gulu labwino limakumana poyera, masana kapena pamene pali anthu, ndipo limakhala la anthu angapo.

Cimene cimandivuta kwambiri n'cakuti mlongo wanga anapulumuka mwamwayi. Akanagona cipinda cimodzi ndi munthu wina, bwenzi lero tikukamba zina. Mayunivesiti athu akanatha kutenga zimene ophunzira akucita kale mwa okha n'kuzipatsa msana: cipinda cotsegula madzulo, masiku awiri ophunzitsa otsogolera, kandalama kocepa kapena kalata yoyamikira imene munthu angaonetse pofuna nchito, ndi kulengeza sabata yoyamba kuti magulu alipo, ndi a aliyense. Poyerekeza ndi ndalama imene boma limabwereketsa mwana mmodzi amene pambuyo pake amabwerera kumudzi wopanda pepala koma ali ndi ngongole, zimenezi n'zochipa.

Pa holide ya December ndinaitana ophunzira anayi a kuno amene anabwera kudzaona makolo, kuti tikambirane pa wailesi. Ndinawapempha cinthu cimodzi: aliyense anene malikisi otsika kwambiri amene anapezapo. Anayang'anana. Mlongo wanga ndiye anayamba, anachula 23 wake uja, boma lonse likumva. Wina anati 18. Wina, amene akuphunzira za uphunzitsi, anati anabwereza phunziro lathunthu ndipo makolo ake akumva lero. Mafoni anayamba kulira. Bambo wina anakalipa kuti tikuphunzitsa ana kunyadira kulephera. Mayi wina anafunsa kuti mwana wake akamati zonse zili bwino, adziwe bwanji ngati n'zoona. Wophunzira mmodzi anayankha kuti musamufunse kuti sukulu ikuyenda bwanji, mufunseni kuti amawerenga ndi ndani, achule maina. Akasowa dzina lochula, yambani kuda nkhawa.

Amama anamvera pulogalamuyo pa wailesi ya aneba. Nditafika kunyumba sanandiyankhule mpaka titadya. Kenako anati, "Ndiye inu awiri munandibisira." Sanakalipe. Anafunsa kuti mwana wa ku Mongu uja makolo ake ndani, ndipo kwawo amadya mpunga kapena ayi.

Mawa lake, ndikutsegula citseko ca situdiyo, ndinapeza mnyamata atakhala pa njerwa panja. Ndinkamudziwa, anakhoza bwino zaka zingapo mlongo wanga asanalembe, ndipo tinalengezapo dzina lake pa wailesi. Anthu kumudzi kwawo ankadziwa kuti akudikira satifiketi. Anandiuza kuti anacotsedwa caka caciwiri atagwa maphunziro atatu, ndipo sanauze aliyense. Anati zaka ziwiri zonse zimene anakhala kumeneko sanalowepo m'cipinda ca mnzake ndi buku. Sanabwere kudzapempha kanthu. Ankafuna kudziwa ngati pulogalamuyo tidzaibwereza, cifukwa mng'ono wake ali giredi 11. Tinakhala pa njerwapo nthawi yaitali. Ndinamuuza za mtengo wa mango wa ku Chipata, nkhani imene ndinali ndisanauzepo ngakhale mkazi wanga.

Kucokera pa pulogalamuyo ophunzira aja anatsegula gulu la pa WhatsApp la ana a ku Chama amene ali m'makoleji ndi m'mayunivesiti. Sindinganene kuti likuyenda bwino kwambiri. Masiku ena mumangodzaza mavesi ndi zithunzi za mpira, ndipo amene ali kumudzi pa holide amayenera kukwera pa culu kuti apeze netiweki. Koma mwana watsopano akalandira kalata yomuitana, pamapezeka wina womuuza kuti ukatsika basi ku Intercity undiimbire, ndipo sabata yoyamba ndikakuonetsa kumene timakumana.

Mlongo wanga anakhoza masamu aja ndi C+. Kwa mwana wa mapointi 9 sizinali zoimbira nthungululu, koma anapitirira. Wa ku Mongu uja atatanganidwa ndi caka comaliza, anamusiyira gululo. Tsopano ali ndi acaka coyamba 6. Anandiuza kuti covuta kwambiri ndi kudziletsa, cifukwa ukaona munthu akuvutika ndi funso limene ukulidziwa, dzanja limayabwa kuti ulande coko. Pali mtsikana wina wa ku Kaputa amene masabata awiri oyamba sanatsegule pakamwa, ndipo akuti amakhala pafupi ndi citseko.

Tsiku lobwerera ku Lusaka tinadzuka kusanace kuti tipeze basi ya ku Lundazi. Katundu anali woculuka kuposa amene anabwera naye. Amama anali atamanga mpunga m'matumba awiri, lalikulu ndi laling'ono, ngakhale kuti m'nkhokwe munalibe wokwanira. Kondakitala anafuna kulipiritsa lacing'onolo padera, ndipo tinakangana naye mpaka anatsitsa. Mlongo wanga atakhala pa windo, amama anagogoda galasi n'kumuuza kuti lalikululo ndi lake, laling'onolo akapatse mwana wa ku Mongu, ndipo asakaphike onse tsiku limodzi.